Funsani Malume: Billie Holiday, mayi wa duwa loyera kumutu

Moni nonse, a ku Ulongwe, ku Domwe, ku Tsangano, ku Furancungo, ku Moatize mpaka inu a pa Zobwe. Mwezi wathawu poyankha funso la zamawailesi akale ndinangotchulako dzina la Billie Holiday modutsa, nde mameseji abwera osati masewera, ena ofunsa ena okalipa. Ndasankhako angapo. Mayina ndachotsa monga mwa masiku onse.

FUNSO: Malume, ine ndimayendetsa njinga yamoto pa boda pa Kalomwe. Tsiku lina dalaivala wina wa thiraki amadikira mapepala, ndiye mukabini mwake mumamveka mzimayi akuyimba mwapang'onopang'ono ngati wangodzuka kumene, mawu ake osasa. Chingerezi sindimva koma ndinazimitsa njinga nkumamvetsera. Anandionetsa dzina pa foni, ndi lomwe munatchula lija. Kodi mayiyu ndi ndani, alipo moyo?

YANKHO: Mphwanga, mayiyu anatisiya kalekale mu 1959, koma zomwe zinakuchitikirazo nanenso zinandichitikira. Munali mu 1987 tili kothawa nkhondo ku Dedza. Bambo wina amene tinayandikana naye zisakasa anagwirapo ntchito ku Bulawayo ndipo anali ndi kawailesi ka kaseti, mabatire timayanika padzuwa kuti abwerereko mphamvu, kaseti timabweza ndi cholembera kuopa kutha moto. Kaseti imodzi inalibe chikuto olo dzina. Tsiku lina ikulira, mayi anga amapeta mgaiwa wolandira uja pakhomo, anaimitsa lichero nkumvetsera kanthawi, kenako anati "ameneyu mwamuna wake amamumenya." Mayi anga samadziwa liwu ngakhale limodzi la Chingerezi. Panadutsa zaka ndisanadziwe dzina la woyimbayo, ndipo nditawerenga mbiri yake ndinapeza kuti mayi ananena zoona.

Anabadwa pa 7 April 1915 ku Philadelphia, dziko la America, dzina lake lenileni Eleanora Fagan, koma anakulira ku Baltimore. Mayi ake a Sadie amagwira ntchito zam'nyumba za anthu, bambo ake a Clarence Holiday anali woyimba gitala amene anadzalowa bandi yotchuka ya Fletcher Henderson, koma sanamulere mwanayu, anangobereka nkumapita. Nde mwana amangosiyidwa kwa achibale uku ndi uku. Ali ndi zaka 9 khoti linamutumiza ku nyumba ya masisitere yosungirako ana opulupudza chifukwa chojomba kusukulu. Ali ndi zaka 11 bambo wina woyandikana nawo nyumba anamuchita zachipongwe, ndipo taonani izi, mwana wolakwiridwayo anamubwezanso konkuja kwa masisitere kuti akasungidwe ngati mboni. Sukulu inathera pomwepo.

Atatuluka anayamba maganyu okolopa masitepe a pakhomo ndi kutumidwatumidwa pa nyumba ina ya mahule, ndipo ndi momwemo momwe munali galamafoni. Ndi pomwe anamva zimbale za Louis Armstrong ndi Bessie Smith. Aphunzitsi ake a nyimbo anali awiriwa basi, kudzera m'chimbale, sanapiteko kusukulu ya zoyimba ndipo mpaka kufa kwake samawerenga manoti.

Mu 1929 anatsatira mayi ake ku Harlem, dera la anthu akuda mu New York. Kumeneko zinthu zinafika poipa, ali ndi zaka 14 apolisi anamugwira limodzi ndi mayi ake pa nyumba ya mahule nkukakhala miyezi ingapo kundende. Atatuluka ndi pomwe anayamba kuyimba m'timabala ta ku Harlem, kuchoka tebulo ili kupita tebulo ilo anthu nkumamuponyera tindalama. Dzina loti Billie anatengera kwa mzimayi wina wa m'mafilimu, Billie Dove, loti Holiday ndi la bambo ake aja. Mu 1933 mkulu wina wofufuza oyimba, John Hammond, anamumva nkumutengera ku situdiyo, ndipo pa 27 November chaka chomwecho anajambula koyamba ndi bandi ya Benny Goodman ali ndi zaka 18. Chomwe chimandikhudza ine nchoti masiku atatu okha m'mbuyomo, pa 24 November, Hammond yemweyo anali atajambulitsa Bessie Smith nyimbo zake zomaliza. Mphunzitsi akutuluka pakhomo wophunzira akulowa, sabata imodzi yomweyo.

Kuyambira 1935 anajambula nyimbo zambirimbiri ndi woyimba piyano Teddy Wilson, ndipo kwa ine zimenezi ndiye zokoma kuposa zonse, mawu akadali a mtsikana, opepuka, osewera. Nthawi yomweyo anapalana ubwenzi ndi woyimba sakisofoni Lester Young, amene anamupatsa dzina loti Lady Day, iye nkumubwezera loti Prez, kutanthauza pulezidenti. Mu 1937 anayenda ndi bandi ya Count Basie, mu 1938 analowa bandi ya azungu ya Artie Shaw, chinthu chomwe chinali chosowa kwambiri kwa mkazi wakuda nthawi imeneyo. Amayenda nawo madera a kummwera komwe samuloleza kudya malo amodzi ndi anzake a m'bandi olo kugona hotela imodzi. Chinamutopetseratu ndi cha ku New York komweko, pa hotela ina komwe bandi imayimba anamuuza kuti azikwera chikepe cha katundu kuti alendo achizungu asamuone, munthu woti dzina lake ndi lomwe likuitana anthuwo. Anasiya bandiyo.

Duwa loyera lomwe uzimuona nalo pazithunzi limatchedwa gardenia. Amati tsiku lina anadziwotcha tsitsi ndi chitsulo chopotera atatsala pang'ono kukwera pa siteji, nde anabisa powaukapo ndi maluwawo, basi chinakhala chizindikiro chake. Zotsala za moyo wake zili m'mayankho enawa, werengabe.

FUNSO: Malume, jazi ndi buluzi nchimodzimodzi? Agogo anga ku Tsangano akati jazi amanena mabandi a banjo ngati a Namoko aja.

YANKHO: Agogo ako sakunama, kuno kwathu ndi ku Malawi liwu loti jazi linamatirira pa mabandi a banjo, gitala ndi ng'oma zopanga tokha, za Allan Namoko ndi anzake. Ku America ndi zina. Buluzi inachokera kwa anthu akuda a kummwera, makamaka m'minda ya thonje ya ku Mississippi, ukapolo utatha mu 1865. Kamangidwe kake nkosavuta, woyimba amanena mzere umodzi, nkuubwereza, kenako wachitatu nkuyankha, ndipo nkhani yake imakhala ya njala, ngongole, mwamuna wothawa, bwana wankhanza. Ukafuna kuimvetsa kumbukira nyimbo za pamtondo, pomwe amayi amadandaula za apongozi kapena za bambo womwa ndalama za fodya, mudzi wonse ukumva koma palibe angawazenge mlandu chifukwa ndi nyimbo. Jazi inakulira ku New Orleans kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ya malipenga ndi piyano, ndipo mtima wake ndi woti woyimba amatenga nyimbo yodziwika nkumaipeka mwatsopano pompopompo. Mfumukazi ya buluzi yeniyeni anali Bessie Smith, wobadwa mu 1894, amene anafa pa ngozi ya galimoto mu 1937 ndipo manda ake anakhala opanda mwala mpaka 1970. Billie nyimbo za buluzi zenizeni anayimba zochepa, zambiri zinali nyimbo wamba zachikondi za nthawiyo, koma chilichonse akachigwira chimatuluka ndi fungo la buluzi.

FUNSO: Malume ndine mtsikana wa zaka 19 wa ku Domwe, ndimayimba kwaya kutchalitchi. Akulu a kwaya amandiika kumbuyo nthawi zonse ati mawu anga ndi aang'ono komanso sindikwera pamwamba ngati anzanga. Ine kuyimba ndimakukonda mpaka ndimalira ndikafika kunyumba. Munalemba kuti mayi uja analibe mawu aakulu, nanga anatchuka bwanji?

YANKHO: Mwana wanga, funso lako ndi lomwe landipangitsa kuti mwezi uno tsamba lonse ndilipereke kwa mayi ameneyu. Pukuta misozi kaye.

Zoona, mawu a Billie anali ochepa. Samakwera patali, samatsika patali, ukamuika pambali pa Ella Fitzgerald kapena Sarah Vaughan amene anali a nthawi yake ungati sangapikisane nawo. Bessie Smith amayimba m'matenti akuluakulu opanda maikolofoni anthu akumbuyo nkumamva, Billie sakanatha zimenezo. Mwayi wake unali woti anafika nthawi yomwe maikolofoni anali atafala, ndipo iye anazindikira kuti chipangizochi sichofuulirapo, nchonong'onezerapo. Amayimba ngati akukuuza nkhani iwe wekha muli awiri pamkeka.

Koma chachikulu si maikolofoni ayi. Tamvetsera chimbale chake chilichonse uku ukuwomba m'manja motsatira ng'oma, uona kuti iye safika pamodzi ndi dzanja lako, amachedwerako pang'ono, umachita mantha kuti wasochera kenako pothera mzere wapezeka ali pomwepo ndi anzake. Unaonapo mayi wachikulire pa chintali, atsikana akudumphadumpha iye akungosuntha phazi mochedwa, koma maso a anthu onse ali pa iye? Ndi zimenezo. Kuchedwa kwa munthu wodziwa pomwe ng'oma ili nkosiyana ndi kuchedwa kwa wosochera. Chachiwiri, amasintha kayendedwe ka nyimbo. Pomwe wopeka analemba kuti mawu akwere nkutsika kasanu, iye amatha kungoima pa liwu limodzi kapena awiri nkumawapinda pang'onopang'ono ngati mmene amachitira wa lipenga, zomwe anatengera kwa Armstrong. Ndipo nyimbo imodzi samaiyimba mofanana kawiri. Chachitatu, amatafuna liwu lililonse. Nyimbo zambiri zomwe makampani amamupatsa m'zaka za m'ma 1930 zinali zotsalira, zomwe oyimba achizungu otchuka sanazifune, zina zopanda nzeru nkomwe, koma iye amapeza liwu limodzi m'menemo nkulitsamira mpaka iwe womvera ukhulupirire kuti nkhaniyo inamuchitikiradi. Frank Sinatra, amene anagulitsa zimbale kuposa iye kutalitali, ananena poyera mu 1958 kuti palibe woyimba anamuphunzitsa zambiri kuposa mayiyu.

Izi sizinagwe kumwamba. Mtsikana uja amayimba usiku uliwonse m'mabala, nyimbo zomwezo kambirimbiri, pamaso pa anthu oledzera osamvetsera, mpaka anadziwa chomwe chimawakhalitsa chete. Anthu amakonda kunena kuti amayimba bwino chifukwa anavutika. Ine zimenezo ndimakana. Ovutika ndi ambiri, tonse a m'chigawo chino tinavutikapo, koma si tonse timayimba choncho. Inali ntchito, ya khutu ndi ya mutu.

Tsono iwe, kwaya usasiye. Kwaya imafuna mawu osakanikirana bwino ndipo akulu akowo akuyang'ana zimenezo, usawade, kumbuyoko ukuphunzira kumva anzako zomwe oyimba ambiri a masiku ano sadziwa. Koma ukafika kunyumba tenga nyimbo imodzi yomwe umaidziwa bwino, olo ya pamaliro olo yomwe agogo ako amayimba posinja, uitsitse ifike pomwe mawu ako amakhala momasuka osakakamiza kukhosi, uziyimba motsitsa ukudzijambula pa foni. Mvetsera, sintha malo opumira, yesa kuchedwetsa liwu limodzi, jambulanso. Uchite zimenezi mwezi wathunthu ndi nyimbo imodzi yomweyo kenako undilembere.

FUNSO: A Malume, ndine mphunzitsi ku Furancungo. Ndinamva kuti pali nyimbo imodzi imene inamuphetsa mayiyu chifukwa inakwiyitsa boma. Ndi zoona?

YANKHO: Aphunzitsi, nyimbo mukunenayo ndi Strange Fruit, kutanthauza chipatso chachilendo. Chipatsocho ndi mitembo ya anthu akuda yolendewera m'mitengo. Kummwera kwa America magulu a azungu amagwira munthu wakuda pomuganizira mlandu, pena popanda mlandu nkomwe, nkumupachika pamtengo anthu akuonerera mpaka kujambulitsa zithunzi, ndipo pakati pa 1877 ndi 1950 anaphedwa motere anthu opitirira 4,000. Anailemba ndi mphunzitsi mnzanu, Abel Meeropol, Myuda wa ku New York, poyamba ngati ndakatulo mu 1937. Billie anayamba kuiyimba mu 1939 pa Café Society, malo a ku New York komwe akuda ndi azungu amaloledwa kukhala limodzi. Mwini malowo anaika lamulo: nyimboyi ikhale yomaliza, operekera zakumwa aime, magetsi onse azime kutsale kamodzi kowala pankhope pake, ikatha kazimenso ndipo asabwererenso pa siteji olo anthu aombe m'manja bwanji. Kampani yake ya Columbia inakana kuijambula, nde anakaijambula ku kakampani kakang'ono ka Commodore pa 20 April 1939. Iye amati ikamayimbidwa amakumbuka bambo ake, amene anamwalira mu 1937 ku Texas atadwala chibayo, ndipo iye amakhulupirira kuti tsankho la m'zipatala za kumeneko ndi lomwe linawachedwetsa kulandira thandizo.

Ife a ku Tete nkhani yotere sitichita kufunsa kutali. Pa 16 December 1972 asilikali a Apwitikizi anapha anthu mazanamazana ku Wiriyamu, kufupi ndi mzinda wa Tete, ndipo dziko lapansi linadziwa chifukwa ansembe ena anakana kukhala chete mpaka nkhani inatuluka mu nyuzipepala ya The Times ku London mu July 1973 kudzera kwa bambo Adrian Hastings. Nduna yaikulu ya Portugal ya nthawiyo, António Costa, inadzapepesa ku Maputo mu 2022. Chaka chomwecho cha 2022 ndi pomwenso America inakhazikitsa lamulo la dziko lonse loletsa kupachika anthu kuja, patatha zaka 83 mtsikana wa zaka 23 ataimirira mumdima nkuyimba za mitemboyo pamaso pa azungu.

Tsono zoti inamupha. Chomwe chinamupha m'thupi ndi chiwindi chomwe chinawonongeka ndi mowa, pamodzi ndi mtima. Koma nzoonanso kuti nthambi ya boma yolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo, yomwe mkulu wake anali Harry Anslinger, inamulonda zaka zambiri, anamangidwa mu 1947, mu 1949, mu 1956 mpaka mu 1959 ali pabedi m'chipatala, ndipo nyimboyi sanaisiye ngakhale malo ena amamuletsa kuiyimba. Chomwe ndingakupempheni aphunzitsi, mukamawauza ana a sukulu musaime pa nyimbo imeneyi yokha. Nyimbo imodzi sachezera gule, mayiyu anajambula mazanamazana ndipo zambiri ndi zosangalatsa, zovinika.

FUNSO: Inu a Malume mwatikhumudwitsa. Ine ndine bambo wa ana anayi ku Moatize, mwana wanga woyamba anawonongeka ndi chamba ndi timowa ta m'mabaraka iti. Ndafufuza ndapeza kuti mayi mukumutamayu anali chidakwa, wobaya mankhwala, womangidwamangidwa. Ana athu atengerepo chani? Bwanji osalemba za anthu a makhalidwe abwino?

YANKHO: Bambo, pepani kwambiri ndi za mwana wanu. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo kukalipa kwanu ndakumva, sindikukuderezani. Zomwe mwapezazo ndi zoona ndipo sindibisa.

Anayamba mowa ndi chamba akadali wamng'ono m'malo omwe anakuliramo aja. Mu 1941 anakwatiwa ndi Jimmy Monroe, ndipo m'zaka zomwezo analowa m'mankhwala oopsa, mpaka kufika pa heroin wobaya ndi jakisoni. Nthawi imeneyo ndi pomwe amapanga ndalama zambiri, atalowa kampani ya Decca mu 1944, koma ndalamazo zimathera kwa ogulitsa mankhwala ndi kwa amuna omwe amamudyera. Amuna amene anakhala nawo motsatizana ambiri amamumenya ndi kumulanda ndalama, womaliza Louis McKay amene anakwatirana naye mu 1957 ndi yemwe anadzatenga chuma chonse cha nyimbo zake iye atafa. Mu May 1947 anaimirira m'khoti opanda loya, anavomera mlandu nkupempha kuti amutumize kuchipatala akachire. Anamutumiza kundende ya amayi ku Alderson, West Virginia, chaka chimodzi ndi tsiku limodzi. Anasimba yekha kuti nthawi yonse ali mkatimo sanayimbeko olo kamodzi.

Anatuluka nthawi isanakwane, pa 16 March 1948, ndipo pa 27 March, patangotha masiku 11, anayimba ku Carnegie Hall, holo yotchuka ya ku New York, itadzaza matikiti atatha. Apa mpomwe pali nkhani yomwe ndikufuna muione bambo. Ku New York nthawi imeneyo aliyense woyimba pamalo ogulitsa mowa amayenera kukhala ndi chiphaso cha apolisi, ndipo womangidwapo amalandidwa. Billie analandidwa ndipo sanabwezeredwe mpaka kufa. Tangoganizani munthu wa chapa amene wamaliza chilango chake koma amuuza kuti msewu wa Tete-Zobwe usadzayendenso moyo wako wonse. Malo omwe amapezerapo chakudya tsiku ndi tsiku, pafupi ndi kwawo ndi anzake, anatsekedwa, nde amangoyendayenda m'mizinda ina, kutopa, kusungulumwa, ndipo munthu wofuna kusiya mankhwala ukamuchotsera ntchito ndi anthu ake wamukankhira komweko. Onjezanipo kuti nyimbo zambiri za m'ma 1930 zija analipidwa kamodzi kokha patsiku lojambula, zimbale zikugulitsidwa zaka ndi zaka iye osalandirapo kanthu.

Mawu anayamba kutha. Mu 1958 anajambula chimbale cha Lady in Satin ndi gulu lalikulu la mavayolini, mawu atasweka, ophwephwa, ena amati sakanayenera kuchitulutsa, ine ndimachimvera koma osati tsiku lililonse chifukwa chimalemera. Mnzake Lester Young anamwalira mu March 1959, naye mowa. Pa 31 May anamutengera ku Metropolitan Hospital ku New York, ali gone pabedi apolisi anabwera kudzamumanga ati apeza mankhwala m'chipinda, nkuika wapolisi pakhomo. Anamwalira pa 17 July 1959 ali ndi zaka 44. Kubanki kunali masenti 70, ndipo anamupeza ndi madola 750 atamangirira kumwendo. Maliro ake anachitikira m'tchalitchi cha Katolika ndipo kunafika anthu masauzande.

Nde mukafunsa kuti ana atengerepo chani, ine ndikuti auzeni zonsezi osachotsapo. Mankhwala sanamupatse luso, luso anali nalo kale ali ndi zaka 20 ndipo zimbale zilipo zochitira umboni, mankhwala anamulanda mawu, ndalama ndi zaka. Mwana amene akuganiza kuti chamba chimatsegula mutu amvere chimbale cha 1936 kenako cha 1958, adzimvere yekha. Koma sindingavomere kuti tizimutchula chidakwa basi nkutseka buku, monganso sindingavomere kuti anthu a ku Moatize azimutchula mwana wanu wachamba basi ngati alibe dzina. Mayiyu anapempha chipatala anamupatsa ndende. Mwana wanuyo ngati simunapite naye, yambani mwapita naye kuchipatala mukafunse a zamatenda a maganizo, ndipo chilichonse chomwe manja ake amadziwa kugwira musamulande, chikhale chomudzutsa m'mawa.

FUNSO: Malume mamega ndi odula, ndiyambire pati kuti ndisawononge? Ndine wogulitsa kachewere pa msika wa Ulongwe.

YANKHO: Mayi, ngati muli ndi mamega a kanema mmodzi yekha, lembani pa YouTube kuti Billie Holiday Fine and Mellow 1957. Ndi buluzi yomwe anapeka yekha, ndipo inajambulidwa pa wailesi yakanema ya CBS pa 8 December 1957, sifika mphindi 10. Mudzamuona atakhala pa kampando kataliko pakati pa azibambo a malipenga, wavala buluku ndi juzi wamba, tsitsi atalimanga kumbuyo, duwa lija palibe. Akayimba ndime yoyamba amasiyira a masakisofoni. Woyamba kuliza ndi Ben Webster, wamphamvu. Wachiwiri ndi bambo wowonda wooneka wodwala amene akuimirira mwapang'onopang'ono, ameneyo ndiye Lester Young, ndipo nthawi imeneyi awiriwa anali atatalikirana kwa zaka, osayankhulana bwino. Amaliza kanthawi kochepa zedi, mawu ochepa, ofewa. Inu musayang'ane iye, yang'anani nkhope ya Billie pomwe kamera ikumuonetsa, mmene akugwedezera mutu motsatira, nsidze zikukwera, kakumwetulira kakubwera nkubwerera, maso ali pa mnzakeyo. Pasanathe zaka ziwiri onse awiri anali atapita, wina mu March wina mu July.

Muonere madzulo mutaweruka pamsika, phokoso la njinga litachepa, ndipo ngati muli ndi zam'makutu valani chifukwa sipika ya foni imameza mawu a besi. Mamega akatsalako, funani zomwe anajambula ndi Teddy Wilson pakati pa 1935 ndi 1939, zopanda kanema, zimadya pang'ono.